YOSEFE ANALI KUMBUYO, KOMA ANAONA ZONSE

Atate Bishopu apempha kuti phunzilo la wiki ino tiliwelenge m'nyumba zathu na mu ma cell, maka-maka ife amene tili na ana ku pulaimale.

Mau a wiki ino: Genesis 33:1-11. Yambani mwatsegula Baibo, ndiye mupitilize.

1. ANA PA MZELE

Yakobo anakhala zaka 20 kwa amalume ake a Labani. Cimene cinamuthawitsa kwao mucidziwa: ananamiza atate ake Isaki, n'kutenga dalitso la mkulu wake Esau. Manje ali pa ulendo wobwelela, ndipo wamva kuti Esau akubwela kudzakumana naye na amuna 400. Mantha anamugwila. Anatsogoza mphatso: mbuzi 220, nkhosa 220, ngamila, ng'ombe na abulu. Kutaca anaika banja lake pa mzele, adzakazi na ana ao kutsogolo, Leya na ana ake pakati, Rakele na Yosefe kumbuyo kwenikweni.

Yang'anani ana aja. Pamene dalitso linali kubedwa, palibe olo mmodzi wa iwo amene anali atabadwa. Esau sanamuonepo na maso. Koma ni iwo amene aimilila pa dzuwa, mitima ili m'mwamba, cifukwa ca mlandu wa akulu-akulu. Njovu zikamenyana, umavutika ni udzu.

2. MZELE UJA UKALIPO KU SUKULU

Nkhani imayamba pang'ono. Ana awili a Giledi 3 amenyana pa break cifukwa ca pensulo. Wina afika kunyumba yunifomu itang'ambika. Amai osafunsa zambili, amanga citenje, ulendo kwa aneba. Kumeneko kutuluka mau amene sangabwelelenso m'kamwa. Madzulo nkhani yafika pa gulupu ya WhatsApp ya makolo. M'mawa mwana apatsidwa lamulo: "Nikakuone futi na mwana wa uja!"

Koma ana aja pofika Lacitatu aiwala kale. Afuna kugawana vitumbuwa, afuna kusewela ciyato na bola monga mwa masiku onse. Lomba akuopa. Akhala pa desiki imodzi koma sangabwelekane buku. Ndeo ya mphindi zisanu yasanduka cidani ca temu yonse, ndipo amene akucisunga ni ise makolo.

Nthawi zina mkangano uli pakati pa kholo na aticha. Mwawakalipila pa khomo la kalasi ana onse akuona, inu mwapita ku nchito mtima wapola. Mwana wanu ndiye atsala, kuyang'anana na aticha amenewo tsiku na tsiku mpaka caka cithe.

Nthawi zina uli m'nyumba mwenimweni. Atate na amai sakambitsana, mwana ndiye wakhala foni: "Kawauze atate ako kuti unga watha." Katundu ameneyo aunyamula pamodzi na cola mpaka m'kalasi.

Mwana wamng'ono sadziwa kukamba kuti mtima wanga walema. Amakamba na thupi. M'mimba mumuwawa m'mawa uliwonse wa sukulu, pa Ciwelu ali bwino-bwino. Ayambanso kukodza pogona. Akudya yekha pa break. Mamaliki atsika, ife tithamangila kumucha waulesi.

Abale na alongo, ise ndise anthu a pemphelo. Timapita ku overnight, timasala kudya, timathyola matembelelo a m'banja, mayeso akayandikila timasanjika manja pa mitu ya ana. Zonsezo tisaleke. Koma zina zimene zimayenda kucoka kwa kholo kupita kwa mwana zimadutsila pa mphasa pamene tikudya nsima, mwana akumva mmene tichulila dzina la aneba. Ambuye Yesu pa Mateyu 5:23-24 anaika ciyanjano patsogolo pa copeleka: munthu amene wakumbukila kuti m'bale wake ali naye cifukwa, ayambe wapita kwa m'baleyo, nsembe idikile.

3. ZIMENE YOSEFE ANAONA

Bwelelani ku Genesis 33. Pa vesi 3, Yakobo acoka kumbuyo kwa ana, apita kutsogolo. Mwini mlandu ndiye ayenela kukumana na mlandu wake. Agwada pansi kasanu na kawili mpaka afika pafupi na mkulu wake. Esau, amene anali na mphamvu zonse zobwezela, amuthamangila, amukumbatila, onse awili alila.

Pa ana onse amene anali pa mzele uja, amene wachulidwa dzina ni Yosefe yekha. Anali wamng'ono, anali kumbuyo, koma anaona atate ake akudzicepetsa, anaonanso Esau akukhululuka.

Zaka zinapita. Yosefe anagulitsidwa na abale ake, anakhala kapolo, anakhala mkaidi, kenako nduna yaikulu ya Iguputo. Tsiku lina amene anamugulitsa aimilila pamaso pake, ali na njala, iye ali na mphamvu zonse zobwezela. Welengani Genesis 45:14-15. Akumbatila Benjamini, apsompsona abale ake onse, alila. Ni zomwe zija zinacitika pa njila ya ku Kanani. Mzimu wa Mulungu ndiye anafewetsa mtima wa Yosefe, koma maso ake anali ataonapo kale mmene cikhululukilo cimaonekela.

Mwana wanu naye ali kumbuyo, akuona. Kodi anakumvelanipo mukukamba "pepani" kwa munthu wina aliyense?

4. ZOCITA WIKI INO

Coyamba, mvelani mwana mpaka atsilize, koma kumbukilani kuti mwamva mbali imodzi cabe. Gonani nayo nkhani, mupemphele, ndiye mucitepo kanthu.

Caciwili, pitani nokha kwa kholo linzanu kapena kwa aticha. Mateyu 18:15-16 itiphunzitsa kuyamba awili-wili. Zikakanga, ndiye titenge wina mmodzi kapena awili. Gulupu ya WhatsApp si bwalo la milandu. Kwa aticha, pemphani nthawi ana atacoka m'kalasi. Kumbukilaninso kuti kucokela mu 2022, pamene maphunzilo anakhala aulele m'masukulu a boma, makalasi ambili anadzaza. Aticha ali na maso awili cabe. Kuyamba na mau akuti "Aticha, nithandizeniko kumvetsa zimene zinacitika" kumatsegula khomo limene kukalipa kukanatseka.

Cacitatu, ngati mwana wanu ndiye anang'amba kapena kutaya cinthu ca mnzake, bwezani. Yakobo sanapite manja-manja. Sokani yunifomu, gulani pensulo, ndipo mwana apeleke yekha na manja ake awili.

Cacinai, cotsani lamulo lija. Muuzeni mwana momveka bwino: "Nkhani inatha, kasewele naye mnzako." Mwana wa mnzako ni wako yemwe.

5. KUKHULULUKA SI KUBISA

Apa timvetsetsane. Pali ndeo ya pensulo, palinso nkhanza. Ngati mwana akumenyedwa kawili-kawili, kulandidwa cakudya kapena ndalama, kukwapulidwa na aticha, kapena kugwilidwa thupi mosayenela, musamuuze kuti "khululuka cabe, ndiwe Mkhristu." Kukwapula ana ku sukulu n'koletsedwa na lamulo la dziko lino. Onanani na aticha a kalasi, aticha a guidance kapena ahedi. Nkhani ikakhala ya kugwililidwa kapena kuvulazidwa, pitani ku cipatala na ku Victim Support Unit ku polisi, osazengeleza. Nambala ya 116 ya Childline ni yaulele. Mateyu 18:6 ionetsa mmene Ambuye amakwiyila na munthu wokhumudwitsa kamwana. Mtima ukhoza kukhululuka pamene lamulo likugwila nchito yake.

MFUNDO ZOPEMPHELELA

Chulani dzina la kholo, aticha kapena aneba amene simukambitsana nao, ndipo muwadalitse mokweza mau.

Pemphelelani aticha a mwana wanu na ahedi a sukulu yake.

Pemphelelani mwana aliyense amene amapita ku sukulu na mantha.

TIPEMPHELE

Atate wakumwamba, Inu munatiyanjanitsa na Inu mwa mwazi wa Yesu tikali adani anu. Tipatseni mtima wopita kutsogolo monga Yakobo, na mtima wothamangila m'bale monga Esau. Ana athu asanyamule milandu imene sanapalamule. Masukulu ao akhale malo a mtendele, mitu yao igwile maphunzilo, tulo tao tikhale tabwino. Mu dzina lamphamvu la Yesu, Ameni.

Amene mufuna wina akupelekezeni kukakamba na kholo linzanu kapena ku sukulu, onanani na atsogoleli a cell yanu pa Sondo mapemphelo akatha. Mulungu akudalitseni.