Usamati N'kungochotsa Mafuta

Pa 23 Okutobala 2005, Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria panthawiyo, Olusegun Obasanjo, anamwalira ku Marbella m'dziko la Spain, kutatsala masabata atatu kuti akwanitse zaka 60. Sanapiteko akudwala ayi. Anapita ndi miyendo yawo kukachotsetsa mafuta a m'thupi, opaleshoni imene madokotala amaitcha liposuction.

Iwe m'bale wanga amene ukusunga ndalama za opaleshoni yomweyi chifukwa cha zithunzi zimene waona pa Instagram, tamvera kaye.

Kodi ukudziwa mmene amachotsera mafutawo? Dokotala amaboola khungu pang'ono, n'kulowetsa kachitsulo kakatali kamphako, kenako n'kumakayendetsa uku ndi uku pansi pa khungu kakuyamwa mafuta. Nsonga yake saiona, amangodalira dzanja. Kwa mayi Obasanjo kachitsuloko kanapyola n'kulowa m'mimba, kanaboola thumbo lalikulu ndi kucheka chiwindi. Kunja kunkangooneka timabala ting'onoting'ono. M'kati munali mutaonongeka.

Kuboolako kunali kulakwitsa, inde, koma bala lotere likadziwika msanga munthu amatha kupulumuka. Chimene chinawononga zinthu ndi nthawi. Tsiku lotsatira mayiwa anayamba kudwala kwambiri. Oimira boma pamlandu umene unatsatira ananena kuti poyamba dokotala amene anawachita opaleshoniyo sankayankha foni, ndipo panadutsa maola oposa anayi asanawatengere ku chipinda cha odwala mwakayakaya. Anafika mochedwa. Mu 2009 khoti la ku Málaga linapeza dokotalayo wolakwa pa mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala. Linamugamula chaka chimodzi cha ndende, kumuletsa ntchito kwa zaka zitatu, ndiponso kumulamula kupereka chipukutamisozi cha ma euro 120,000 kwa mwana wa malemuwo.

Taganiza bwino. Ameneyu anali mayi wa fuko, wa ndalama, wa omulondera, woti akatsokomola anthu amathamanga. Koma foni ya dokotala wake inalira osayankhidwa. Nanga iwe, uli wekha m'chipinda cha hotela ku Istanbul, chilankhulo sukuchidziwa, abale ako unawauza kuti wapita kokayenda, adzakuthamangira ndani usiku?

Vuto ndi lakuti ukachitidwa opaleshoni ululu umakhalapo ndithu, ndiye n'chapafupi kukuuza kuti "zimatero, imwani mankhwala mugone." Iwenso umavomera msanga, chifukwa unalipira zambiri ndipo sukufuna kuoneka wovuta. Koma ululu wamba umapita ukuchepa. Ululu wa m'mimba umene ukungokulirakulira ngakhale wamwa mankhwala, mimba kuuma gwa kapena kutupa, kusanza, thupi kutentha, mtima kuthamanga, chizungulire, thukuta lozizira, zimenezi si zodikira kuti kuche. Kubanika, kupweteka pachifuwa, kapena mwendo umodzi kutupa kungatanthauze kuti magazi aundana, ndipo magazi oundanawo akafika m'mapapo amatha kupha mofulumira. Kukhala nthawi yaitali m'ndege opaleshoni itangochitika kumawonjezera ngozi imeneyi, koma ambiri amagula tikiti yobwerera asanaonane n'komwe ndi dokotala.

Ndiye usanasaine pepala lililonse, funsa mafunso amene otsatsa malonda sawakonda. Ndani adzandiyang'anira usiku woyamba? Chipinda cha odwala mwakayakaya chili pomwepa kapena mpaka kukwera galimoto? Dokotalayo akapanda kuyankha, ndiimbire ndani? Akayamba kukuseka kuti ndiwe wamantha, kapena kukufulumizitsa kuti mtengo wotsika utha Lachisanu, tenga chikwama chako uzipita.

Komanso ukuyembekezera chiyani kwenikweni? Liposuction si njira yochepetsera thupi. Imachotsa mafuta pamalo ochepa, thupi limakhala lotupa kwa masabata ngakhale miyezi, khungu limatha kutsala lolendewera kapena la mabampu, ndipo ukanenepanso mafuta amakaunjikana pena. Chithunzi chimene chakukopacho anachijambula atasankha kuwala ndi kaimidwe, ndipo amene zinawavuta sawaika patsambapo. Ngati ukufuna kuti mwamuna asiye kuyendayenda, dziwa kuti kachitsulo kaja sikafika kumeneko.

Chizindikiro china chimene anthu amachinyoza ndi dokotala amene wakukana. Donda West, mayi ake a woimba Kanye West, anamwalira ku Los Angeles mu Novembala 2007 ali ndi zaka 58, tsiku limodzi atachitidwa opaleshoni yokonza mawere ndi mimba. Dokotala wina anali atawauza kale kuti sangawachite opaleshoni asanakayezetse thanzi lawo. Anakachitidwa kwina. Mu 2009 boma la California linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lawo, loti munthu aziyezedwa kaye asanachitidwe opaleshoni yotere.

Ngati uli ndi shuga, BP kapena vuto la mtima, kapena umasuta, unene zonse, usabise poopa kubwezedwa. Ndipo wina akakubweza, kodi udzapita kukayezetsa, kapena udzangofufuza wina wovomera?