Ofufuza za Umoyo Akafika Pakhomo

Kaya mumakhala ku Shikoswe, ku Nangongwe kapena kwa asodzi ku Chanyanya, tsiku lina mutha kumva "odi" pakhomo. Alendowo ali ndi zitupa, ndipo akuti ndi ofufuza za umoyo. Akufuna kukufunsani nkhani za kuchipinda. Musadabwe kuti nyumba ya aneba aidumpha. Nyumba amasankha mwamaere. Masamu ake tiwasiyire akatswiri a ku Zambia Statistics Agency ku Lusaka. Ife tingodziwa kuti nyumba zochepazo zimaimira dziko lonse.

Asanayambe amapempha chilolezo, ndipo muli ndi ufulu wokana. Mukavomera, bambo amafunsidwa paokha, mayi paokha. Dzina lanu silituluka mu lipoti.

Amafunsa motere: Kodi munthu wooneka wathanzi angakhale ndi kachilombo ka HIV? Yankho ndi inde. Kodi udzudzu ungafalitse kachilomboka? Ayi. Nanga kudyera mbale imodzi? Ayi. Kenako amafunsa ngati munavala kondomu ulendo womaliza. Apa ena amanama chifukwa cha manyazi. Bodza lotere limasocheretsa a Unduna wa Zaumoyo powerengera makondomu ndi mankhwala oti atumize kuzipatala zathu.

Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anayezanso magazi. Anapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo m'Zambia, 11 ali ndi kachilomboka. Kwa amayi ndi pafupifupi 14, kwa abambo 8. Za Edzi pafupifupi aliyense anamvapo, koma si onse amene amayankha bwino mafunso aja, ndipo si onse odziwa amene amadziteteza.

Ngakhale ovala kondomu amalakwitsa. Chachikulu ndi mafuta. Musapake vaselini, mafuta ophikira kapena odzola pa kondomu. Mafutawa amafoola mpira, ndipo umang'ambika inu osadziwa. Ngati mukufuna choterereka, pemphani chamadzi kwa anamwino. Kutentha nakonso kumawononga. Kondomu yomwe yakhala miyezi m'thumba lakumbuyo, kapena pagalasi la lole yopita ku Chirundu, itayeni. Musaiumire, pakuti kuchipatala cha boma amapereka ulere. Onani deti papaketi. Tsegulani ndi zala, osati ndi mano. Tsinani kansonga kuti mpweya utuluke, kenako muvale. Kuvala ziwiri nthawi imodzi si nzeru: zimakhulana n'kung'ambika. Yagwira ntchito kamodzi, basi, ikulungeni muponye m'chimbudzi chokumba, ana asaitole n'kumaiuzira.

Kondomu ikang'ambika ndipo simukudziwa za magazi a mnzanuyo, musadikire kuti mumve kudwala. Pitani ku Kafue General Hospital kapena kukiliniki yapafupi mukapemphe mankhwala otchedwa PEP. Muyenera kuyamba kumwa pasanathe maola 72, amene ndi masiku atatu, ndipo mumamwa masiku 28 osadumphitsa.