Kubwezeretsa Madzi ndi Michere m'Thupi: Phunziro la Alangizi a Zaulimi a m'Dera la Tshwane

Mau Oyamba

Mlimi amene akugwira ntchito padzuwa amatha kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola limodzi kudzera m'thukuta. Kutsekula m'mimba nakonso kumataya madzi ochuluka. Pamodzi ndi madziwo, thupi limatayanso michere, makamaka sodiyamu ndi potaziyamu, imene imathandiza mtima, minofu ndi mitsempha kugwira bwino ntchito. Cholinga cha phunziro lino ndi chakuti mlangizi adziwe nthawi imene madzi okha akukwanira, ndi nthawi imene munthu ayenera kulandira madzi a mchere ndi shuga.

Chifukwa Chake Nkhaniyi ndi Yofunika

M'mwezi wa Meyi 2023 matenda a kolera anabuka ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, ndipo anthu oposa 20 anamwalira. Odwala ambiri analandira chithandizo pa chipatala cha Jubilee. Ku Malawi, mliri wa m'zaka za 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700. Wodwala kolera amafa chifukwa cha kutha kwa madzi ndi michere m'thupi, nthawi zina pa maola ochepa chabe. Mlangizi amafika m'minda momwe wazaumoyo safika kawirikawiri, kuphatikizapo minda imene Amalawi ndi alendo ena amagwiramo ntchito. Choncho uphungu wake ungathe kupulumutsa moyo.

Zizindikiro

Zoyamba: ludzu, mutu kupweteka, kutopa msanga, kukokana kwa minofu ndiponso mkodzo wochepa wachikasu kwambiri.

Zoopsa: maso kulowa m'kati, khungu kuchedwa kubwerera likatsinidwa, kulephera kumwa, kusokonezeka maganizo kapena kukomoka. Wotereyu apititsidwe kuchipatala mwamsanga, ndipo ngati akutha kumeza azimwetsedwa ali m'njira.

Pa Nthawi Yotentha

Kuyambira Okutobala kufikira Febuluwale kumatentha kwambiri m'dera la Tshwane, makamaka m'nyumba zapulasitiki zolimamo ndiwo zamasamba. Alangizeni alimi ndi akapitawo motere:

1. Wogwira ntchito azimwa kapu imodzi ya madzi (pafupifupi 250 ml) pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira ludzu.
2. Ntchito zolemetsa zizigwiridwa m'mawa ndi madzulo, ndipo pakhale mthunzi wopumirapo.
3. Asadumphe chakudya. Mchere wa m'ndiwo umabwezeretsa sodiyamu, pamene nthochi, mbatata, nyemba ndi masamba zimapereka potaziyamu. Thobwa kapena mahewu ndi zothandizanso.
4. Mowa supha ludzu, umangowonjezera vutoli.

Kwa munthu wabwinobwino amene akudya mokwanira, madzi okha ndi okwanira. Kuthira mchere m'madzi akumwa tsiku lililonse n'kosafunika, ndipo n'koopsa kwa odwala matenda othamanga magazi kapena a impso.

Munthu Akatsekula m'Mimba

Apa madzi okha sakwanira. Matumbo amayamwa sodiyamu mosavuta ikakhala pamodzi ndi shuga, ndipo madzi amatsatira sodiyamuyo kulowa m'magazi. Mu 1971 Dr. Dilip Mahalanabis anagwiritsa ntchito njirayi m'misasa ya othawa nkhondo ku West Bengal, ndipo imfa za odwala kolera zinatsika kuchoka pa 30 kufika pa 4 mwa anthu 100 alionse.

Chabwino koposa ndi paketi ya ORS, imene ku Malawi imadziwika ndi dzina loti Thanzi, popeza ili ndi potaziyamu. Isungunulidwe m'madzi a muyeso umene walembedwa papaketipo. Ngati paketi palibe, konzani motere, malinga ndi malangizo a zaumoyo a ku South Africa:

1. Sambani m'manja ndi sopo.
2. Wiritsani madzi kwa mphindi imodzi, aziziritseni, ndipo yesani lita imodzi.
3. Thirani masipuni a tiyi 8 a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere, osalazidwa pamwamba.
4. Takasani ndi kulawa. Asawawe mchere kuposa misozi.
5. Mwetsani pang'onopang'ono. Wodwala akasanza, dikirani mphindi 10 kenaka pitirizani.
6. Otsala atayidwe pakatha maola 24.

Mchere ukachuluka umavulaza, makamaka ana. Zakumwa zoziziritsa kukhosi zili ndi shuga wambiri amene amakulitsa kutsekula. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo kuchipatala adzalandira mapiritsi a zinki a masiku 10 mpaka 14.

Udindo wa Mlangizi

Phunziroli liperekedwe mwa chionetsero. Tengani botolo la lita imodzi ndi sipuni ya tiyi, ndipo mlimi aliyense ayese yekha gulu likuona. Onetsetsaninso kuti madzi akumwa kumunda sakutungidwa m'ngalande zothirira mbewu. Pa ulendo wotsatira funsani alimiwo atchule miyeso ija pamtima, ndipo ngati pamundapo pali anthu angapo amene akutsekula m'mimba nthawi imodzi, dziwitsani azaumoyo tsiku lomwelo.