Mafuwa Atatu a Nyali ya Dzuwa

Munthu woima kufupi ndi mlatho wa njanji wa ku Kafue, umene unamangidwa m'caka ca 1906, apenya madzi alikuyenda pang'ono pang'ono ngati opanda mphamvu. Koma madzi omwewo, akapitirira tauni kunka kum'mawa, alowa pakati pa mapiri, natsika ndi mphamvu yaikuru. Pamenepo pali makina opanga magetsi a Kafue Gorge, amene anayamba nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndi ena atsopano kumunsi kwace, a mphamvu ya megawati 750, amene anatsirizika m'caka ca 2023. Mawaya oturuka kumeneko apita pamwamba pa minda ndi midzi kunka ku Lusaka ndi ku migodi. Koma pansi pa mawayawo pali nyumba zambiri zimene ana awerengamo ndi kandulo, ndi amai apakula nsima mumdima.

Cifukwa cace cacikuru ndico mtengo. Kuti magetsi atsike m'mawaya akuru aja ndi kulowa m'nyumba, pafunika makina ocepetsa mphamvu yace, mitengo yoimika, ndi mawaya ena ambiri; ndipo kumene nyumba ziri zotalikirana, ndalama zace zicuruka koposa. Boma linakhazikitsa bungwe la Rural Electrification Authority ndi lamulo la caka ca 2003, kuti lifikitse magetsi kumidzi. Koma dziko nlalikuru, ndipo midzi yoyembekeza ikali yambiri. Ngakhale iwo okhala ndi mawaya anaphunzira m'caka ca 2024 kuti mtsinje ukhoza kuwagwiritsa mwala. Mvula inakana, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba ndi ya Itezhi-Tezhi, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ciralaco ndi tsoka la dziko lonse. Pofika malimwe, magetsi anali kuzima m'madera ena kufikira maola 21 pa tsiku. Koma masiku onsewo dzuwa linali kuwala pa matsindwi athu.

Zoona, kufupi ndi Lusaka ca kumwera kuli minda iwiri yaikuru yokolola dzuwa, wa Bangweulu wa megawati 54 ndi wa Ngonye wa megawati 34, imene inatsegulidwa m'caka ca 2019. Koma magetsi ace alowa m'mawaya akuru omwe aja, ndipo mudzi wopanda waya sulawako. Cotero phunziro lino liri la masola ang'ono a panyumba ndi a pamudzi, ndi la iwo amene ayenera kugwirizana kuti nyali yace isazime.

1. Ziwalo za sola

Sola ya panyumba iri ndi ziwalo zinai. Coyamba ndi panelo, cija conga galasi lakuda cimene ciikidwa pa tsindwi. Ico cisandutsa kuunika kwa dzuwa kukhala magetsi. Caciwiri ndi batire, ndilo nkhokwe yosungira magetsi a usana kuti agwire nchito usiku. Cacitatu ndi kabokosi koyang'anira kuti batire lisadzale kopitirira muyeso, kapena kukhuthulidwa lonse. Cacinai ndi mababu ndi mawaya ace. Panelo yabwino ikhala zaka 20 ndi kupitirira. Koma batire likalamba msanga, ndipo patapita zaka zowerengeka pafunika lina. Sungani mau awa, pakuti nkhani yonse yagona pa batire.

2. Mphatso payokha, ndi malonda paokha

Ambiri a inu mwaona ndi maso sukulu kapena cipatala cimene cinalandira sola kwaulere. Tsiku lopereka kunali nyimbo ndi nthungululu. Patapita zaka zitatu kapena zinai batire linafa. Wopatsa uja anali atabwerera kwao, mmisiri wokonza panalibe, thumba la ndalama zogulira lina panalibenso. Panelo ikali yamoyo pa tsindwi, koma m'nyumba muli mdima. Wopatsayo sanalakwe popatsa. Cimene cinasoweka ndico munthu wotsala pafupi, amene akudya cifukwa nyaliyo iyaka.

Nanga wamalonda? Iye afuna phindu, ndipo sitimtsutsa, pakuti ndi phindulo alipira anchito ace, nagula katundu wina. Koma kusenza katundu kunka ku mudzi wakutali pa mseu woipa, ndi kumgulitsa kwa anthu amene aona ndalama kamodzi pa caka atakolola, ndiko kuika cuma cace pangozi. Cotero akhala m'tauni momwe muli a malipiro a pamwezi. Ndipo kumidzi kufika nyali zacabecabe za pamsika, zopanda cikalata, zakufa mwezi usanathe.

Mphika sukhazikika pa pfuwa limodzi, ngakhale pa awiri. Ufuna mafuwa atatu. Loyamba ndi bungwe losafuna phindu, limene lisenza ndalama zoyambira ndi ngozi ya paciyambi. Laciwiri ndi kampani, imene igulitsa, nikonza, nikhalabe pafupi. Lacitatu ndi eni mudzi, amene alipira pang'ono pang'ono ndi kusamala cinthuco. Likacoka limodzi, ndiwo zitayika pamoto.

3. Kumene mafuwa awa anaikidwa

M'caka ca 2006 ku London kunayambika bungwe lacifundo la SolarAid. Woliyambitsa, Jeremy Leggett, anali nayonso kampani ya masola ya Solarcentury, imene inali kupereka kwa bungwelo magawo 5 mwa magawo 100 a phindu lace. M'caka ca 2008 bungwelo linatsegula nthambi yace ya malonda yochedwa SunnyMoney, imene yagwira nchito m'Zambia ndi m'Malawi. Iwo sanagawe nyali kwaulere, koma anazigulitsa pa mtengo wocepa podzera mwa aphunzitsi akuru a masukulu. Nzeru yace inali iyi: kholo siliopa kupereka ndalama kwa mphunzitsi amene limdziwa; ndipo nyali imodzi ikayaka pa khomo lina, anansi aiona, naifuna.

M'caka ca 2016 dziko la Sweden linaika ndalama m'thumba lochedwa Beyond the Grid Fund for Zambia, loyang'aniridwa ndi bungwe losafuna phindu la REEEP, la ku Vienna. Makampani anai anasankhidwa: Fenix International, VITALITE, Emerging Cooking Solutions ndi Standard Microgrid. Thumbalo silinagule nyali zogawa ai. Linali kulipira kampani monga mwa kucuruka kwa nyumba zimene yaunikira, atayamba aona kuti ziyakadi. Colinga cinali kufikira anthu miliyoni imodzi, ndipo cisanathe caka ca 2022 ciwerengeroco cinakwanira. Kampani ya Fenix, imene inalowa m'dziko muno m'caka ca 2017 mogwirizana ndi MTN, inali kugulitsa motere: munthu apereka ndalama yoyamba, natenga sola kunka nayo kwao, namalipira pang'ono pang'ono pa foni. Akaleka kulipira, makina adzitseka okha. Akatsiriza ngongole yonse, atseguka osatsekanso, nakhala ace.

M'boma lathu lomwe la Kafue, kumunsi m'mbali mwa Zambezi, m'dziko la Mfumu Chiawa, muli mudzi wa Mugurameno. Kumeneko m'zaka za m'ma 2010 bungwe lacifundo la Empowered by Light linagwirizana ndi kampani ya Standard Microgrid, naika mapanelo ndi mabatire pamalo amodzi, nakoka mawaya ang'ono kufika ku sukulu ndi ku nyumba zoyandikira. Potero mudzi ukhala ndi gwero lace lace la magetsi, ndipo ndalama za olipira ndizo zisunga makinawo.

Koma alipo osauka amene ngakhale ndalama yoyamba ija iwakanika. Za iwo tiphunzire kwa anansi athu a ku Malawi. Kwa Mfumu Kasakula, m'boma la Ntchisi, SolarAid inayesa njira yina: sola siikhala ya mwini nyumba, koma iye angolipira pang'ono cifukwa ca kuunika kumene agwiritsa nchito, ndipo cikaonongeka cinthu, eni makina ndiwo akonza. M'caka ca 2025 kunalengezedwa kuti mabanja onse a m'deralo, oposa 8,000, afikiridwa.

4. Pfuwa lacitatu ndinu

Abale ndi alongo, walira mvula walira matope. Wofuna kuunika abvomerenso udindo wace. Poyamba werengani ndalama zimene mutaya pa mwezi pogula makandulo, palafini ndi mabatire a tochi, ndi polipira kuika moto m'foni ku sitolo. Ndiye mudzadziwa cimene mukhoza kusenza. Pamenepo werengani ngongole yonse, osati ya tsiku limodzi lokha. Tiyerekeze kuti wogulitsa anena K5 pa tsiku kwa zaka ziwiri. Ndalamayo imveka yaing'ono; koma zaka ziwiri ziri ndi masiku 730, ndipo pamodzi zikwana K3,650, osawerengera yoyamba ija. Ici ncitsanzo cabe ca kawerengedwe, si mtengo wa kampani iri yonse.

Akuru anati, safunsa anadya phula. Musanasindikize cala pa cikalata, funsani izi, ndipo mwana wodziwa kuwerenga akhale pambali panu:

Kodi ndidzalipira zingati pamodzi, ndipo ndidzatsiriza liti?

Kodi ndikalephera m'miyezi ya njala, mudzangotseka, kapena mudzalanda, ndipo zimene ndalipira kale zidzapita kuti?

Kodi cikaonongeka, mudzakonza kwaulere kufikira liti?

Kodi mmisiri wanu akhala kuti, ndipo afika masiku angati ndikamuitana?

Kodi batire likatha, lina ndidzalipeza kuti, pa mtengo wanji, ndipo lakalelo adzalitenga ndani?

Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi mafunso otere. Wofulumiza, wonena kuti galimoto irikucoka, mlekeni apite.

Mukalandira sola, isamaleni motere. Kuno kwathu panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka. Isakhale pa mthunzi, pakuti mthunzi wa nthambi imodzi ucepetsa mphamvu yace kwambiri. M'miyezi ya pfumbi ipukuteni ndi nsaru yofewa yonyowa, m'mamawa isanatenthe. Batire likhale pamalo ozizira, kutali ndi moto ndi ana. Musalumikize zinthu zimene eni ace sanalole, kapena kutsegula kabokosi kaja kuti muzembe kulipira. Wotero aononga cinthu cace, ndiponso acititsa kuti kampani iope mudzi wonse. Batire lakufa musalitaye m'munda kapena m'mtsinje, ndipo musaliphwanye, pakuti mabatire ambiri ali ndi mtovu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtovu wotsala m'dothi udwalitsa ana kufikira lero.

Ngati sola iri ya onse, monga ya pa sukulu, pa cipatala kapena pa nyumba yosonkhanira, sankhani anthu atatu okhulupirika, mmodzi akhale mai, kuti asunge buku ndi thumba la batire. Thumbalo liyambe tsiku lomwe nyali iyaka, osati tsiku limene yazima. Musonkhe mukakolola, pamene ndalama ikali m'manja, ndipo bukulo liwerengedwe pamaso pa onse kawiri pa caka. Ndipo bungwe lacifundo likafika kwanu ndi mphatso, liyamikeni ndi mtima wonse, nimulifunse mwaulemu kuti ndani adzatsala nanu ilo litapita, ndi kuti mnyamata kapena mtsikana uti wa pamudzi lidzamphunzitsa kukonza.

Mafunso okambirana

1. Chulani ziwalo zinai za sola. Nciti cimene cifa msanga?
2. Kodi m'dera lanu muli sola imene inaleka kuyaka? Ndi pfuwa liti linasoweka?
3. Banja lanu litaya ndalama zingati pa mwezi cifukwa ca kuunika ndi foni?
4. Pamudzi panu pali amasiye ndi okalamba amene sakhoza kulipira. Mudzapangana ciani kuti iwonso asagone mumdima?