Chilankhulo Chimabwera ndi Eni Ake: Mafunso ndi Mayankho kwa Aphunzitsi a ku Mitundu ndi Nathenje

Kabuku aka talembera aphunzitsi a zilankhulo kummwera kwa boma la Lilongwe: ophunzitsa Chingerezi ndi Chichewa m'sukulu za pulaimale ndi sekondale, komanso amene amaphunzitsa Chichewa alendo odzagwira ntchito ku Bunda, ku Nkhoma ndi m'midzi yathu.

Ntchito yanga ndi galamala, kuwerenga ndi kulemba. Za mitundu ya anthu zikundikhudza bwanji?

Mwana akamaloweza mawu a Chingerezi, m'mutu mwake mumakhala kale chithunzi cha mwini chilankhulocho: mzungu wa galimoto yoyera, wa ndalama zosatha, wodziwa zonse. Chithunzicho anachitola kunyumba, pamsika wa Mitundu, m'kanyumba koonetsera mafilimu, pa foni ya achimwene ake. Mukapanda kuchikhudza, chimakula limodzi ndi Chingerezi chake. Mapeto ake mudzapeza mnyamata wa Fomu 3 wolemba chimangirizo chogwira mtima, koma akakumana ndi mlendo mawu oyamba otuluka pakamwa pake ndi opempha ndalama. Wina amafika poganiza kuti wolankhula Chingerezi chothamanga amaposa nzeru agogo ake amene amaweruza milandu pabwalo la mfumu. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mwana wotero tamupatsa chilankhulo n'kumulanda kudzidalira.

Kuno ndi kumudzi. Timakumana ndi alendo angati kuti tizitayirapo nthawi?

Ambiri kuposa mmene timaganizira. Pafupi ndi Mitundu pali sukulu ya zaulimi ya Bunda, ya LUANAR, kumene kumabwera ophunzira a zigawo zonse za dziko lino ndi akatswiri a mayiko ena. Pa Nathenje pamadutsa msewu wa M1, ndipo mathiraki opita kuchipata cha Dedza amayendetsedwa ndi anthu a zilankhulo zosiyanasiyana. Ku Nkhoma amishoni ochokera ku South Africa anakhazikika mu 1896, ndipo mpaka lero chipatala chakumeneko chimalandira madokotala ndi ophunzira akunja. Kuseri kwa mapiri a Dzalanyama kuli Mozambique, dziko limene nkhondo yake inathamangitsira kuno anthu pafupifupi 1 miliyoni mgwirizano wa mtendere wa 1992 usanasainidwe.

Ndiponso ana athuwa sadzakhala pano mpaka kalekale. Ena mwa amene muli nawo m'kalasi lero adzakwera basi ya ku Joni, ndipo kumeneko obwera adzakhala iwowo.

Kodi ana amanena zotani za mitundu ina?

Afunseni, mudzamva. Amwenye ndi oumira. Matchaina amagulitsa katundu wosakhalitsa. Anthu a ku Nigeria ndi atsinzinantole. Aliyense wa golosale wolankhula Chiswahili kapena Chifalansa ndi "Mburundi", ngakhale kwawo kukhale ku Rwanda kapena ku Congo, ngakhale akhale wobadwira kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka amene dziko la makolo ake sanalipondepo. Mu May 2023, pamene boma linkasonkhanitsa othawa kwawo m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka, dzina limodzi lomweli ndi limene linkamveka pakamwa pa anthu, ngati kuti onsewo ndi munthu mmodzi.

Musadzudzule mwana wonena zimenezi. Iye wangobwereza za akuluakulu, ndipo mukamukalipira adzangophunzira kuzibisa pamaso panu.

Nanga si zina mwa izo ndi zoona? Paja akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Mwambi umenewo amakolo ankalangira anthu a pagulu limodzi kuti azidzudzulana, poti mbiri yoipa ya mmodzi imagwera onse. Sanaupereke kuti tiziweruzira munthu amene sitinadye naye nsima n'kamodzi komwe. Zoona zimakhalapo ndithu: pali mwenye woumira, pali katundu wa ku China wothyoka tsiku lomwelo. Koma mlimi wa fodya woumira naye alipo pakati pathu, ndipo misewu ndi nyumba zina zolimba za mu Lilongwe, kuphatikizapo Nyumba ya Malamulo ndi bwalo la masewero la Bingu, anamanga ndi a ku China omwewo. Bodza limalowera pa kuchulukitsa. Zimene waona kwa anthu atatu wazisenzetsa anthu mamiliyoni.

Kodi pali choopsa chenicheni, kapena ndi nkhani ya ulemu chabe?

Kumbukirani za ku Njewa, m'boma lathu lomwe lino. Mu June 2022 a BBC Africa Eye anaulula kuti mzika ya ku China, Lu Ke, amene ana ankamutcha Susu, ankajambula ana a m'mudzi akuimba ndi kubwereza mawu a Chitchaina, n'kumagulitsa mavidiyowo pa intaneti. Ena mwa mawu amene ana anaphunzitsidwa m'mavidiyo a mtunduwu anali onyoza khungu lawo ndi nzeru zawo, ndipo anawo ankafuula mosangalala posadziwa tanthauzo. Munthuyo anathawira ku Zambia, anagwidwa ku Chipata, ndipo mu 2023 khoti ku Lilongwe linamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno.

Nkhaniyi ndi ya mphunzitsi wa chilankhulo m'njira ziwiri. Yoyamba: mwana asamabwereze mawu amene sakudziwa tanthauzo lake, kaya akumuphunzitsa ndi mlendo, kaya ndi inu amene. Mumuzoloweze kufunsa kuti, "Zikutanthauza chiyani?" ndipo musamuone ngati wamwano akafunsa. Yachiwiri ndi yovutirapo. Nkhaniyo itamveka, mtima unkafuna kunena kuti Matchaina onse ndi otero. Apo ndi pamene mphunzitsi amayesedwa, chifukwa ayenera kutchula choipacho ndi dzina lake, popanda kuchichepetsa, komanso osalola ana kuweruza fuko lonse ndi mlandu wa munthu mmodzi.

Abale athu a ku South Africa akudziwa kumene mawu otere amathera. Kumeneko obwera amatchedwa makwerekwere, olanda ntchito ndi akazi a eni dziko. Mu May 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera, ndipo mu 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu athu ku Durban. Nkhwangwa isanatuluke, kunayamba kutuluka mawu.

Ndichite bwanji m'kalasi ya ana oposa 100, mabuku ali ochepa?

Simukufunika buku latsopano. Pophunzitsa mawu a *all*, *most*, *many* ndi *some*, lembani pa bolodi chiganizo chimene ana eni ake anena, monga chakuti azungu onse ndi olemera. Afunseni: waona angati? Unawaona kuti? Ankagwira ntchito yanji? Nanga osauka akwawo angakwere bwanji ndege kudzafika kuno? Kenako auzeni akonze chiganizocho mpaka chikhale choona. Galamala yalowa, kuganiza kwalowanso.

Mukatero tembenuzani nkhani. Lembani zimene ena amanena za Amalawi: kuti tonse ndife antchito a m'munda ndi m'khitchini, kuti ndife ogona, ovomera chilichonse. Ana amapsa mtima, ndipo mkwiyo umenewo ndi wabwino. Asiyeni ayankhe m'Chingerezi, polankhula kapena polemba kalata. Akamaliza, afunseni ngati mwana wa ku Burundi sangamve chimodzimodzi.

Itananinso anthu. M'midzi yathu muli agogo amene anagwira ntchito m'migodi nthawi ya Wenela, matchona obwerera kuchokera ku Harare ndi Bulawayo, amayi amene anasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pakhomo pawo. Gogo mmodzi akafotokoza za mnzake wa Chishona kapena Chizulu amene anamugawira chakudya atasowa pogwira, ana amagwira zimene bolodi silingawapatse.

Gule wamkulu nayenso amaseka alendo. Kodi tiuze ana kuti n'kulakwa?

Ayi. Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya akhala akuvina m'mabwalo athu kwa zaka zambiri, ndipo anali njira imene makolo ankayankhira anthu amphamvu amene anabwera ndi msonkho ndi malamulo achilendo. UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Ndipo gule salekerera eni mudzi: amaseka chidakwa, wachimasomaso, waulesi, mfumu yadyera. Chimene mwana ayenera kusiyanitsa ndi ichi: kuseka khalidwe pabwalo, pamene aliyense akudziwa mwambo wake, n'kosiyana ndi kukuwiza munthu wodutsa pamsewu chifukwa cha khungu lake. Chimodzimodzi nthabwala za pachisuweni, kapena chimbuya cha pakati pa Angoni ndi Abemba ku Zambia. Zimakoma chifukwa onse awiri anavomerezana, ndipo wonyozedwa ali ndi ufulu wobwezera. Za kudambwe musazilowetse m'kalasi, si malo ake.

Koma dziwani kuti pa benchi imodzi pamakhala mwana wa mkulu wa mpingo ndi mnyamata wogula njira, ndipo makolo awo mwina anawauza zoipa za wina ndi mnzake. Kulolerana kumayambira pa benchi imeneyo.

Nanga za mitundu ya m'Malawi momwe muno? Si zandale zimenezo?

N'zovuta, koma ife a m'chigawo chapakati sitiyenera kuzithawa. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mpaka 1994. Mu 1989 aphunzitsi a kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Ife amene chilankhulo chathu chinakwezedwa timaiwala msanga, koma anzathu sanaiwale. Mwana wa namwino kapena wapolisi wosamutsidwira ku Nathenje kuchokera ku Rumphi kapena Mangochi akamasekedwa chifukwa cha katchulidwe kake, mphunzitsi wa Chichewa ndiye woyamba kuletsa. Mayina onyoza Alomwe, Ayao ndi Atumbuka asamveke m'kalasi mwanu, monganso inu simukondwa ena akamati Achewa ndi osapita kusukulu. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula chilankhulo chimene wasankha ndi kutsata chikhalidwe chake. Mupempheni mwanayo aphunzitse anzake moni wakwawo, ndipo inu mukhale woyamba kuuyesa.

Ine ndimaphunzitsa alendo Chichewa. Ndiwauze chiyani?

Anthu ongodzipereka a Peace Corps anayamba kubwera mu 1963, a ku Japan mu 1971, ndipo ambiri amaphunzira Chichewa chathu ndi mtima wonse. Nawonso amafika ndi zithunzi zawo: Mmalawi wosauka koma womwetulira nthawi zonse. Auzeni kuti kumwetulira kwathu nthawi zina ndi ulemu, osati kuvomera. Kuti "ndamva" sikutanthauza "ndigwirizana nazo". Kuti mwana woyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu sakubisa kanthu. Aphunzitseni kunena "inu" ndi "a" kwa akuluakulu, kupereka moni asanayambe nkhani, kulandira chinthu ndi manja awiri. Atengereni kwa mlimi wodziwa nthaka yake, amve akulongosola yekha. Ndipo akafunsa chifukwa chake ana amawakuwira kuti "azungu!", musaseke n'kudutsa, afotokozereni, kenako mukalankhule ndi anawo.

Ndiye kuti kulolerana n'kuvomera chilichonse?

Ayi ndithu. Mlendo wojambula ana popanda chilolezo cha makolo, womenya antchito, wonyoza maliro athu, auzidwe, ndipo nkhani ipite kwa mfumu, kwa komiti ya sukulu kapena kupolisi. Mwambo wathu umene ukuchotsa mtsikana pasukulu nawonso udzudzulidwe, posayang'ana kuti ndi wathu. Pokadandaula, mwana aphunzire kutchula munthu wolakwayo, chimene wachita, tsiku ndi malo, m'Chichewa kapena m'Chingerezi chomveka, ndipo mtundu wa munthuyo autchule pokhapokha apolisi akafunsa za maonekedwe ake.