Khoswe wathu woweta sakutha kugwira chakudya

Funso: Adokotala, mwana wanga amaweta khoswe wamkazi wa zaka ziwiri. Masiku ano khosweyu akuyenda modzandira, mutu uli chopendekeka, ndipo chakudya chikumupulumuka m'timanja. Vuto n'chiyani? Kodi angapatsire mwanayu?
Mayi wodandaula, London

Yankho: Mayi, mtima pansi, matendawa sapatsirana. Zizindikirozi nthawi zambiri zimasonyeza chotupa cha pituitary, kachiwalo kopanga mahomoni kamene kali kunsi kwa ubongo. Chimakonda makoswe aakazi opitirira chaka ndi theka amene sanatsekedwe kubereka. Chikamakula chimapanikiza ubongo, n'chifukwa chake miyendo yakutsogolo imafooka.

Dokotala wa ziweto amaona kayendedwe ndi kagwiridwe ka chakudya, kenako amayeza makutu, popeza matenda a mkati mwa khutu ndi sitiroko zimaonekanso chimodzimodzi. Makina a MRI kapena CT ndiwo amaonetsa chotupacho, koma ndi odula ndipo khoswe amayenera kugonekedwa ndi mankhwala. Choncho madokotala ambiri amayamba chithandizo poona zizindikiro. Mankhwala a cabergoline amachepetsa zotupa zambiri zotere, pomwe a prednisolone amaphwetsa kutupa. Chotupacho sichitheratu, koma khoswe amapezako bwino kwa kanthawi.

Chitani izi:
1. Pitani naye kwa dokotala sabata ino.
2. Mupatseni phala kapena nthochi yosinja m'mbale yosazama.
3. Chotsani zokwerapo m'khola kuti asagwe.
4. Muyezeni kulemera sabata iliyonse.

Akasiya kudya ndi kumwa, akayamba kukomoka kapena kugubuduzika, thamangani naye tsiku lomwelo.