Phunziro la Mwezi Uno: Masewera Ndiwo Mau a Mwana Wacisoni

Atate ndi amai, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mwezi uno tiphunzire za cinthu cimene ambiri aciyesa cacabe, ndico kusewera kwa ana. Munthu wamkuru akagwidwa ndi cisoni apita kwa mbale wace nanena zakukhosi, ndipo mtima wace upepuka. Koma mwana wamng'ono alibe mau okwanira. Mukamfunsa cimene cimbvuta, angoweramitsa mutu, nakumba pansi ndi cala ca kuphazi. Cisonico cituruka mwa njira zina: akodza pamphasa angakhale analeka kale, adzidzimuka usiku, akana nsima, kapena amenya anzace popanda cifukwa. Ana otere ali pakati pathu. Ena ndi amasiye. Ena anaona madzi ndi matope alikukokolola midzi pa namondwe Freddy m'mwezi wa March 2023, pamene anthu oposa 600,000 m'Malawi anasowa pokhala.

1. Dotolo amene anaphunzira kwa ana

Kunali dotolo wamkazi wa ku London, dzina lace Margaret Lowenfeld, wobadwa caka ca 1890. Itatha nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, anapita ku Poland, dziko la atate wace, kukathandiza pa mliri wa typhus, nthenda imene ifalitsidwa ndi nsabwe. Kumeneko anazizwa poona kuti mwa ana opyola m'nkhondo ndi njala, ena anasweka mtima, koma ena anacirimika. Funso limeneli silinamcoke. M'caka ca 1928 anatsegula ku London nyumba yothandizira ana amantha ndi obvuta kulera. Caka cotsatira anaikamo mbale zazikuru zacitsulo, yina ya mcenga, yina ya madzi, pamodzi ndi tizidole tambiri: tianthu, tinyama, tinyumba ndi timitengo. Ana anatenga tinthuto namanga pamcenga midzi, mitsinje ndi nkhondo, ndipo iwo okha anachula zomangazo "dziko". Pamenepo dotoloyo anazindikira kuti cimene mwana sakhoza kucinena ndi pakamwa, acionetsa ndi manja. Njira yaceyo igwira nchito kufikira lero m'maiko ambiri.

2. Cifukwa cace masewera aciritsa

Tsiku la tsoka mwana analibe mphamvu iri yonse. Anangonyamulidwa nathawitsidwa mumdima. Koma posewera iye ndiye mwini. Akumba kamtsinje, athiramo madzi, naolotsa ng'ombe yace yadongo. Coopsa cija cicepa kufikira cikwana m'manja mwace. Acita comweco lero, mawa ndi mkuca, monga mai sakonola cimanga ndi kugunda kumodzi, ndipo pang'ono pang'ono mantha acepa.

Tsono taonani colakwa cimene cicitika kawiri kawiri m'midzi. Ana akasewera maliro kumasanje, nakwirira citsononkho, naimba nyimbo zolira, akuru awakalipira, nati, Lekani, muitana malodza. Koma mwana amene anaika amace mwezi watha saitana imfa ai. Alikuyesa kumvetsa imfa imene inafika kale. Mukamletsa, masewera aleka, koma cisoni citsala m'kati copanda poturukira.

3. Cimene ife tikhoza kucita

Nchito iyi siifuna ndalama. Dongo liri kudambo, mcenga uli kumtsinje, makala olembera ali kumoto. Mapesi, zitsononkho ndi kang'oma sizisowa m'mudzi. Virginia Axline wa ku America anaphunzitsa m'buku lace la 1947 kuti mwana atsogole, wamkuru atsate. Cifukwa cace sungani izi:

Coyamba, patulani nthawi, ngakhale theka la ora, pa tsiku lodziwika sabata iri yonse, kuti mwana aidalire.

Caciwiri, khalani pansi pambali pace ndi kupenya. Akaumba ng'ombe ya miyendo isanu musamkonze. Pano si pasukulu.

Cacitatu, musampanikize ndi mafunso. Nenani cokha cimene muciona, monga, Ndaona kuti kamwana aka katsala kokha m'nyumba. Akafuna kuonjeza mau adzaonjeza. Akakhala cete, mlekeni.

Cacinai, ikani malire amodzi olimba: akhoza kuphwanya cimene waumba, koma asapweteke mnzace kapena iye mwini.

Ana ambiri akabvutika pamodzi, asonkhanitseni aimbe, abvine, anene nthano madzulo. Wamanyazi amene sakhoza kuimba yekha abvomereza pamodzi ndi anzace, nadziwa kuti sali yekha.

4. Pofunika cithandizo coposa ici

Tisadziyese madotolo. Ukapita mwezi wathunthu mwana alikuonda, osagona, osasewera konse, kapena masewera ace angomuonjezera mantha, mumtengere kucipatala. Ndipo zojambula kapena masewera zikakupatsani nkhawa kuti wina alikumcita zoipa, musaweruze munthu ndi cithunzi cokha, komanso musabise mlandu cifukwa ca cibale. Kauzeni a boma oteteza ana kapena apolisi.

Akale anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wamasiye amene atate wace ndi amace sadzakhalanso naye pamcenga ayembekeza inu.

Mafunso a pamsonkhano

1. Mwana wacisoni timzindikira ndi zizindikiro zotani?
2. Kodi ana a kwa Dotolo Lowenfeld anamphunzitsa ciani?
3. Tikapeza ana alikusewera maliro, tiyenera kucitanji?
4. M'mudzi mwanu muli ana angati otere, ndipo ndani adzakhala nao sabata ino?